Manja a Namilanzi

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, chifukwa ndicho chaka chimene ndinaphunzira kujambula manja. Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya cha ku Simlemba, kumene bambo anga, a Mbewe, anali tenanti. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, koma ine za ku Dedza ndinkangozimva m'kamwa mwa amayi. Zimene ndinkazidziwa ndi zigafa zazitali zofoleredwa ndi udzu, fungo la fodya wouma lolowa mpaka m'zovala zopitira ku tchalitchi, ndi minda yoti ngakhale ukwere pa chulu sungaone pothera pake.

Dzanja lamanja la bambo linalibe chala chamkombaphala. Chinadulidwa ndi jeke yodindira mabelo pa esiteti ina ya ku Chamama, ine ndisanayambe sukulu. Iwo eni ake sizinkawavuta m'pang'ono pomwe. Ankaloza zinthu ndi kachitsa kotsalako, ndipo ana aang'ono akawafunsa ankawauza kuti chalacho chinatha ndi kukomba phala lamoto, choncho asamasusuke. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ankaima pakhomo n'kumapereka moni wapadzanja kwa aliyense, akatekisi, azimayi, ngakhale abwana eni esiteti. Amayi ankatopa ndi kuwadikira mpaka kumatsogola okha.

Amene ankachita manyazi ndi dzanjalo ndinali ine. Sindikudziwa kuti manyaziwo anayamba liti, ndipo palibe amene anandiphunzitsa. Ndinkangozindikira kuti tikamayenda pamsewu ndakhala kale mbali ya kumanzere kwawo, kumene kunali dzanja lathunthu. Akamapereka moni ndinkayang'ana kumbali, kumawerenga njerwa za tchalitchi. Mumtima mwanga dzanja limenelo linkauza aliyense kuti ife ndife yani: anthu obwera, ogona m'nyumba zaudzu kuseri kwa zigafa, olimira anzathu fodya.

Kusukulu ndinkakhala desiki imodzi ndi Tadala, mwana wa abwana. M'kalasi tinali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, koma tikafika pa esiteti iye ankalowera kunyumba yamalata, ine kwathu, ndipo ubwenzi unkadikira mpaka m'mawa. Palibe anatiletsa kucheza. Zinkangochitika choncho.

Pa tchuthi china chachitali mchimwene wake wa Tadala, Mayeso, anabwera kuchokera kusekondale ku Lilongwe ndi masewero amene palibe anali atawaonapo pa esitetipo. Iye ankawatcha Ulendo. Panalibe mpira, panalibe kuthamanga. Anthu mumangokhala mozungulira thebulo, aliyense n'kudzipekera munthu woti akhale iyeyo, kum'patsa dzina, kwawo ndi zida zake. Mayeso ndiye ankasimba nkhani: mwafika pakutipakuti, kutsogolo kwanu kuli chakutichakuti, muchita chiyani? Iwe ukanena chimene munthu wako achite, umaponya dayisi ya ludo, ndipo dayisiyo ndiyo inkagamula ngati zatheka kapena zakanika.

Ankasewerera m'chigafa chachikulu Lamulungu masana, pamene thebulo losankhira fodya linkakhala lopanda ntchito. Mayeso anajambula mapu pa chikatoni, mapiri, mitsinje ndi midzi ya mayina oti lilime linkapindika powatchula. Pamwamba pa mitu panali fodya wolendewera pa mikangala, ndipo mphepo ikawomba tinyenyeswa ta masamba tinkagwera pa mapuwo. Mayeso ankati imeneyo ndi mvula ya m'dzikomo.

Ine ndinalowa m'maseweramo chifukwa cha bodza la Kondwani, msuweni wawo. Mnyamata ameneyu sankagonja. Munthu wake akafika pamtsinje, ankati ali ndi bwato m'thumba. Akatsekeredwa m'phanga, ankati nkhwangwa anali nayo kuyambira kale, kungoti sananene. Mayeso atatopa anakhazikitsa lamulo: aliyense akhale ndi chithunzi cha munthu wake, ndipo chimene sichili pa chithunzi ndiye kuti kulibe. Vuto linali loti onse atatu sankatha kujambula ngakhale nkhuku. Tadala ndiye anati, "Tikamutenge Felesiya. M'kalasi aphunzitsi amamutuma kujambula pa bolodi."

Sindingathe kufotokoza bwino mmene ndinamvera tsiku loyamba kukhala pa thebulo lija. Linali thebulo lomwelo limene bambo anga ankaimapo sabata yonse akusankha fodya, akapitawo akuwakalipira kuti asakanize masamba ofiira ndi otuwa. Koma Lamulungu masana ine ndinkakhalapo pa benchi, ndipo palibe ankandituma madzi. Mayeso akafika pa ine ankafunsa ndi mawu omwewo amene ankafunsira mlongo wake: uchita chiyani? Funso limeneli linali lachilendo kwa ine. Kwathu mwana ankauzidwa chochita, sankafunsidwa.

Munthu wanga ndinamutcha Namilanzi, mwana wa mfumu ya kuseri kwa mapiri, amene chibadwire sanagwirepo khasu. Ndinamujambula pa pepala la simenti, n'kumuimika pa kadongo kuti asagwe. Ndinamupatsa nsapato zazitali, ndolo, mikanda ya m'khosi, mkondo womangirira kumsana, ndi tsitsi loti nditaliona panopa ndikhoza kuseka. Chimene chinandivuta ndi manja. Kwa msilikali wa Kondwani ndi sing'anga wa Tadala ndinangojambula nkhonya zozungulira ngati mbatata, ndipo eni ake anakhutira nazo. Koma mwana wa mfumu sindikanam'patsa mbatata. Ndiye ndinachita zimene amachita ana onse osadziwa kujambula manja: ndinawabisa kumbuyo, ngati kuti Namilanzi waima mwaulemu.

Masabata oyamba palibe anazindikira. Namilanzi ankalankhula ndi mafumu, ankanyengerera alonda a pazipata, ntchito za pakamwa zokhazokha. Kenako tinafika pa mtsinje wodzaza, wa ng'ona, ndipo panalibe mlatho koma chingwe chimodzi chomangidwa kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo. Msilikali wa Kondwani anawoloka akulendewera. Sing'anga wa Tadala anatsala pang'ono kugwa, koma dayisi inamukomera mtima. Itafika nthawi yanga ndinatambasula dzanja kuti nditenge dayisi, koma Kondwani anaiphimba ndi chikhatho chake.

"Yayi, dikira kaye. Agwira ndi chiyani chingwecho? Manja ali kuti?"

Ndinati ali kumbuyo. Iye anatembenuza pepalalo n'kutionetsa kumbuyo kwake, kumene kunali zilembo za simenti basi. Anali kubweza moto, chifukwa ndine ndinakana kum'jambulira bwato. Mayeso analiyang'ana pepalalo kwa nthawi, akukanda chibwano chopanda ndevu ngati woweruza milandu, kenako anati lamulo ndi lamulo. Koma poti dzuwa linali litapendeka, anandipatsa mpaka Lamulungu lotsatira. Ndikabwera ndi Namilanzi wa manja, aponya dayisi ngati anzake. Ndikapanda kutero, agwera m'madzi, ndipo munthu wako akafa unkachoka pa thebulo mpaka nkhani itatha. Tchuthi chinali chitatsala pang'ono kutha, choncho ndinadziwa kuti ndikachoka sindidzabwererapo.

Sabata imeneyo ndinajambula manja paliponse: pansi ndi kamtengo, pakhoma ndi khala, pa mapepala onse a simenti amene ndinatola. Ena ankatuluka ngati phava la nthochi, ena ngati mapazi a nkhuku. Ndinayesa kuonera dzanja langa lamanzere, koma chingwe chimafuna manja awiri, ndipo lamanja linali ndi pensulo. Ndinapempha amayi, iwo anati ndiwasiye ali ndi zochita, ndipo ndikapitiriza kulemba pakhoma andionetsa manja enieni. Mlongo wanga wamng'ono sankatha kukhala chete ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, bambo anandipeza kuseri kwa nyumba ndikulira chamumtima, mapepala ali mbwee. Anali atangoweruka kumene. Anandifunsa chavuta, ndipo ndinawafotokozera zonse, za mtsinje, za ng'ona, za lamulo la Mayeso. Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti ndisiye zachibwana ndikatunge madzi. Koma anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili yodekha ngati ndikuwauza za munthu weniweni amene ali m'mavuto.

"Ndiye mwana wa eni ake adyedwe ndi ng'ona chifukwa chosowa manja, pomwe ine ndili nawo pano ongokhala?" anatero. "Dikirani, mayi, ndisambe kaye."

Ankanditcha mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Ndinawauza kuti kusamba n'kosafunika, koma sanamve. Anatenga kachidutswa ka sopo ndi mchenga, n'kukhala pamwala akukwecha manja awo ngati akupita ku ukwati. Utomoni wa fodya suchoka wamba. Umalowa m'ming'alu ya khungu ndi m'mbali mwa zikhadabo, n'kukhala momwemo mpaka chaka china. Atakwecha mokwanira anamasula chingwe cha mbuzi, n'kuchiponya pa nthambi ya mtengo wa mango, n'kuchigwira ndi manja onse awiri, lamanja pamwamba.

Chimene chinachitika kenako ndimachikumbukira kuposa zonse. Nditayamba kujambula ndinaiwala manyazi, ndinaiwala kuti awa ndi bambo anga, ndinaiwala ngakhale kuti ichi ndi chimene chimatchedwa dzanja. Ndinkangoona mizere. Ndinaona kuti zala zikagwira chinthu sizioneka zonse, kuti mfundo zake zimatuluka ngati timiyala, kuti mitsempha imadzuka kuchokera pa mkono. Ndinaona mmene chala chawo chapakati chinapindikira pang'ono n'kulowa m'malo a chimene chinachoka, kumagwira ntchito ya awiri. Pensulo inkangotsatira maso. Sindinawerenge zala, chifukwa sindinkajambula zimene ndinkadziwa koma zimene ndinkaona.

Bambo anaima choncho mpaka mikono inayamba kunjenjemera, osadandaula. Nditamaliza ndinadabwa ndekha. Namilanzi watsopanoyo anali ndi ndolo zake, mikanda yake, tsitsi lake, ndi manja aakulu amphamvu ogwira chingwe moti ukanalumbira kuti sangachitaye. Chinali chinthu chabwino kuposa chilichonse chimene ndinali nditajambulapo. Bambo anatenga pepalalo ndi nsonga za zala kuti asalidetse, n'kupita nalo kwa amayi kumene ankasenda maungu.

"Taonani kuno. Awa ndi manja a ndani?"

Amayi anayang'ana, n'kuseka, n'kunena kuti mwana wa mfumuyo adzavutika kupeza mwamuna ndi manja ngati amenewo. Koma bambo anasangalala ngati mwana. Loweruka lonse ankauza anzawo m'chigafa kuti manja awo apita kukawolotsa mwana wa mfumu, ndipo anzawowo sankamvetsa kanthu.

Lamulungu masana ndinaimika Namilanzi pa kadongo kake, mtima uli m'malo. Tadala anati, "Eee, koma Felesiya," ndipo Mayeso anawerama kuti aonetsetse. Kondwani anayamba kufunafuna polakwika. Kenako ndinaona milomo yake ikuyenda. Ankawerenga.

"Dzanja ili lili ndi zala zinayi," anatero. Anayang'ananso, maso ake n'kuwala. "Awa ndi manja a a Mbewe awa. Mwana wa mfumu ali ndi manja a a Mbewe."

Anaseka chikhakhali mpaka kugwira m'mimba. Mayeso anamwetulira pang'ono, Tadala anayang'ana pansi. Panopa ndikaganiza ndimaona kuti kusekako sikunali kwa nkhanza kwenikweni. Kondwani ankaseka chilichonse, ndipo ankawakonda bambo anga, ankawatsatira kumunda kuti amve nthabwala zawo. Koma ine tsiku limenelo ndinamva ngati andivula zovala pamsika. Malo amodzi okha padziko pamene sindinali mwana wa tenanti anali pa thebulo limenelo, ndipo ndinali nditanyamula ndekha utenantiwo n'kuuimika pakati pa mapu.

Mayeso anagogoda thebulo kuti pakhale bata. Anati palibe vuto, manja alipo, Namilanzi awoloke. Koma poti chimene chili pa chithunzi ndicho chilipo, ndiye kuti dzanja lake n'loperewera chala, choncho pa ntchito iliyonse ya manja tizichotsa wani pa zimene dayisi yaonetsa. Sanali kundizunza. Anali mnyamata wokonda malamulo ake, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa iye zimenezi zinkakometsa nkhani.

Ine sindinadikire kuti amalize. Ndinazula Namilanzi pa kadongo, n'kutulutsa pensulo m'thumba la diresi, n'kujambula chala pamalo pa kachitsa paja, mofulumira, modinikiza kwambiri. Chinatuluka chowongoka ngati msomali, choloza kumwamba, chosagwirizana ndi zinzake.

"Ndinangoiwala," ndinatero. "Si manja a munthu aliyense amenewa. Mwana wa mfumu angakhale bwanji ndi manja a tenanti?"

Palibe anaseka. Mayeso anangoti chabwino, zala zakwana, n'kundikankhira dayisi. Kuti munthu awoloke pankafunika folo kapena kuposa. Ndinaponya, dayisi inagubuduka, n'kugunda kadongo ka Tadala, n'kuima pa sikisi. Ngakhale akanachotsa wani uja, Namilanzi akanawoloka bwinobwino ndi manja amene anabwera nawo. Ndinaziona zimenezi nthawi yomweyo, ndipo masewero onse a tsikulo anandiwawa m'kamwa.

Pobwerera kunyumba ndinayenda pang'onopang'ono, pepala nditalipinda m'thumba. Ndinkapemphera kuti ndiwapeze bambo atapita kocheza. Koma anali pakhonde akusoka nsapato, ndipo atangondiona anaika nsapatoyo pansi.

"Nanga mayi, manja anga aja awoloka?"

Ndinati awoloka. Anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti ankadziwa, manja amenewo sanatayepo chingwe. Kenako anatambasula dzanja kuti amuonenso mwana wa mfumuyo. Ndikanatha kunama kuti pepala latsala kwa Tadala. Bodzalo linafika pakamwa mochedwa, dzanja langa litalowa kale m'thumba.

Analitambasula pa bondo. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinkayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi langa. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno.

"Mwandibwezera chala. Achipatala anakanika, inu mwatha." Anachikhudza ndi kachitsa kawo. "Koma n'chaulesi chimenechi. Zinzake zikugwira chingwe, icho changoima."

Anafunsa ngati anzanga ndiwo anandiuza kuti ndiwonjezere, ndipo ndinapukusa mutu. Ndikanakonda akanandikalipira, kapena kunditchula mwana wopanda ulemu, chifukwa ndikanalira zikanatha. Koma anangopinda pepalalo bwinobwino motsatira mmene linapindikira kale, n'kundibwezera, n'kunena kuti, "Ayi, mwachita bwino. Mwana wa mfumu ayenera kukhala ndi zala zokwana." Anatola nsapato yawo n'kupitiriza kusoka. Mawu amene ndinanena m'chigafa aja sindikudziwa ngati anawamva kwa wina. Pa esiteti nkhani siigona, ndipo Kondwani sankasunga kanthu m'mimba. Sindinawafunsepo.

Lamulungu lotsatira tikupita ku tchalitchi, ndinaona chinthu chachilendo. Ndisanasunthe n'komwe, bambo anazungulira okha n'kundiika kumanzere kwawo. Sanandiyang'ane. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zaka zonsezo ankaona zimene ndinkachita, kungoti ankayesa ndi chizolowezi chabe cha mwana. Tsopano anali atadziwa chifukwa chake. Titatuluka m'tchalitchi sanaime pakhomo. Anagwedezera mutu akatekisi, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete, ndipo tinafika kunyumba limodzi ndi amayi, amene anafunsa ngati akudwala.

Masana ake, ndisanapite kuchigafa, ndinatenga chofufutira kuti ndichotse chala chija. Koma ndinali nditadinikiza kwambiri pojambula, ndipo pepala la simenti silipirira kufufutidwa. Ndinafufuta mpaka linabooka. Pamalo pa chala panatsala kabowo koti ukaliika padzuwa kuwala kumadutsa. Ndinapita naye choncho Namilanzi, n'kumuimika pa kadongo. Mayeso anaona kabowoko, anandiyang'ana, n'kufunsa ngati tizichotsa wani. Ndinati eya.

Ndinasewera choncho mpaka tchuthi chinatha. Namilanzi ankaponya mkondo n'kuphonya kawirikawiri kuposa anzake, ndipo tsiku lina anagwetsa muuni m'phanga tonse n'kutsala mumdima. Koma anafika kumapeto kwa nkhani ali moyo, pomwe msilikali wa Kondwani anadyedwa ndi fisi wa mitu iwiri chifukwa cha phuma. Ndinathamangira kunyumba kukawauza bambo, n'kuwaonetsa kabowo kaja kuti aone kuti chalacho ndachichotsa. Anati, "Mwawononga chithunzi chabwino, mayi." Anamwetulira, anandisisita pamutu ndi dzanja lamanzere, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Ndinkaganiza kuti zinthu zibwerera mwakale pakapita masabata angapo. Ndinayamba kuyenda dala kumanja kwawo, koma kumeneko kunali thumba la jekete basi. Kuntchito dzanjalo linkagwira monga kale, kuthyola, kusoka, kusankha, kudinda. Kunyumba ankadyera lomwelo. Koma pagulu, makamaka ine ndikakhalapo, linkalowa m'thumba lokha. Nthabwala ya kukomba phala sindinaimvenso. Ana aang'ono akawafunsa za chalacho ankangoti ndi ngozi ya kuntchito.

Nditakula, ndili ku koleji ya uphunzitsi, ndinayesa kuiyambitsa nkhaniyi. Tinali titabwerera ku Dedza, bambo atasiya za fodya, chifuwa chikuwavutitsa. Ndinawafunsa ngati akukumbukira Namilanzi. Anaseka n'kunena kuti akukumbukira, mtsikana wa tsitsi lambiri uja. Nditayamba kupepesa anandidula, n'kunena kuti zimenezo ndi za ana, ndipo munthu wamkulu sasunga za ana. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, anali atandikhululukira kalekale, mwina tsiku lomwelo pakhonde paja. Koma kukhululuka sikunatulutse dzanja m'thumba. Linali litazolowera.

Lero ndimaphunzitsa ku pulayimale, ndipo Lachisanu masana ndimasewera Ulendo ndi ana a kalasi langa, ndi dayisi ya ludo ndi mapu a pa chikatoni. Lamulo la Mayeso ndinalisunga. Ana amajambula anthu awo, ndipo pafupifupi onse amabisa manja kumbuyo. Ndimawauza kuti apite kunyumba akapemphe munthu wamkulu awagwirire chingwe kapena mpini, ajambule zimene akuona, osati zimene akuganiza kuti zimayenera kukhalapo. Amabwera ndi manja a mitundumitundu, okhala ndi zipsera za moto, zikhadabo zosweka, zala zopindika. Wina akayamba kuseka ndimaimitsa masewero, ndipo ana amadabwa kuti aphunzitsi awo ofatsa akwiyira chiyani.

Kale ndinkaganiza kuti manyazi ndi chinthu chimene munthu amachisenza yekha, chosapweteka wina. Panopa ndikudziwa kuti amapatsirana ngati chimfine, ndipo mwana akhoza kupatsira kholo lake limene linalibe. Bambo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Chithunzi chawo chabwino chimene ndili nacho ndi cha pa ukwati wanga, chili pakhoma pabalaza. Aima pambali panga atavala suti yobwereka, akumwetulira ndi mano onse, ndipo anandiika kumanzere kwawo. Alendo akachiona amati bambo anu anali munthu wa sitayilo, taonani mmene aikira dzanja m'thumba. Ine ndimangovomera. Jeke ya ku Chamama inangowachotsa chala chimodzi, ndipo anakhala zaka zambiri akuseka nazo. Dzanja lonselo ndinaliika m'thumbamo ndine, ndi pensulo.